Oyilo wa mu transfer: mafunso ndi mayankho kwa eni galimoto za AWD ku Zomba

Galimoto zambiri zimene zikuyenda m'misewu ya Zomba masiku ano zinachokera ku Japan zitagwirapo kale ntchito, ndipo zochuluka ndithu mwa izo n'zokoka ndi matayala onse anayi (AWD kapena 4WD): X-Trail, RAV4, Forester, CR-V, CX-5, ngakhalenso ma Sienta ndi ma Probox ena amene eni ake sadziwa n'komwe kuti ndi 4WD. Oyilo wa injini aliyense amamukumbukira. Wa giyabokosi amakumbukiridwa mwa apo ndi apo. Koma kunsi kwa galimoto kuli kabokosi kena kamene kamatha zaka popanda munthu kukhudza pulagi yake, ndipo mwini galimoto amakadziwa tsiku limene kayamba kulira. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amafunsafunsa akayima pagalaja.

Kodi transfer ndi chiyani, ndipo imakhala pati?

Ndi bokosi la magiya limene limalandira mphamvu kuchokera mu giyabokosi n'kuigawa kuti ifike kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ilipo mitundu iwiri, ndipo nkhani yonse ya oyilo yagona pa kusiyana kwake.

Pa galimoto zimene injini yake inagona chopingasa, monga X-Trail, RAV4, CX-5 ndi Sienta, transfer ndi kabokosi kakang'ono komangiriridwa pa giyabokosi, kuseri kwa injini, moyandikana kwambiri ndi payipi ya ekizozi. M'kati mwake muli magiya okumana pangodya, amene amakhotetsa mphamvu kuti ilowe mu propshaft, chitsulo chachitali chopita ku difu ya kumbuyo, bokosi logawira mphamvu ku matayala awiri a kumbuyo. Oyilo wake ndi wochepa modabwitsa. Mu RAV4 mumalowa malita 0.45 okha. Mu X-Trail mumalowa wongopitirira pang'ono botolo limodzi la Fanta. Kaoyilo kameneko ndiko kamanyamula kutentha konse kwa magiya pamodzi ndi kutentha kochokera ku ekizozi, chaka ndi chaka.

Pa galimoto zazikulu zimene injini yake inagona motsata kutalika kwa galimoto, monga Prado, Pajero ndi BMW X5, komanso mapikapu a Navara ndi Ranger amene 4WD yake mumachita kuilowetsa nokha, transfer imakhala kumbuyo kwa giyabokosi ndipo ndi yaikulu. M'menemo mumatha kukhala tcheni, magiya otsika okokera pamalo ovuta (low range), difu ya pakati, kapena makilatchi omira mu oyilo amene amalamulidwa ndi kompyuta. Ya Prado imadya malita 1.4.

Ndingadziwe bwanji ngati galimoto yanga ili nayo?

Gwadani musuzumire kunsi. Mukaona chitsulo chachitali chobulungira chochokera cha ku injini n'kukalowa pakati pa matayala a kumbuyo, imeneyo ndi propshaft, ndipo pamene yayambira ndi pamene pali transfer. Musaisokoneze ndi payipi ya ekizozi, yomwe imakhotakhota n'kukathera panja.

Njira ina ndi nambala ya chassis, imene ili pa kachitsulo ka mu boneti kapena ka pachitseko, komanso pa mapepala a galimoto. Sienta ya NCP81G imakoka ndi kutsogolo kokha, ya NCP85G ndi 4WD. Probox ya NCP51V ilibe transfer, ya NCP55V ili nayo. Fielder ya NZE141G ilibe, ya NZE144G ili nayo. Pa X-Trail yang'anani chilembo N patsogolo pa T30 kapena T31: NT30 ndi NT31 ndi za matayala anayi, T30 ndi T31 ayi. RAV4 ndiyo imapusitsa ambiri, chifukwa ACA31W ndiyo 4WD pamene ACA36W, ya nambala yaikulu, ndi ya kutsogolo kokha.

Palinso galimoto zolembedwa 4WD zimene zilibe transfer ngakhale pang'ono. Ma hybrid a Toyota olembedwa E-Four, monga Harrier ndi Estima, matayala ake a kumbuyo amayendetsedwa ndi mota ya magetsi. Nissan March, Note ndi Cube za e-4WD n'chimodzimodzi. Pa zimenezi musalipire munthu kuti asinthe oyilo wa chinthu chimene kulibe.

Nanga ndithiremo oyilo wanji?

Funso lalikulu ndi limeneli, ndipo yankho loipa kwambiri ndi lija timalimva kawirikawiri m'mashopu a masipeya, lakuti "giya oyilo ndi giya oyilo, bwana". Si zoona. Oyilo amatsata zimene zili m'kati mwa bokosi, ndipo mabokosiwa ndi osiyana.

X-Trail ya NT30 ndi NT31 imafuna GL-5 wa 80W-90. RAV4 ya 2006 mpaka 2012 imafunanso GL-5 wa 80W-90, koma kuyambira ya 2013 Toyota analemba GL-5 wa 75W-85. CX-5 zoyambirira zimalandira GL-5 80W-90, ndipo zapambuyo pake Mazda anaziikira oyilo wawo wotchedwa SG1. Mabokosi onsewa ali ndi magiya okhaokha, n'chifukwa chake oyilo wake amafanana ndi wa mu difu.

Tikafika pa zazikulu zinthu zimasintha. Prado 120 imafuna 75W-90, koma Prado 150 imafuna oyilo wopepuka wa Toyota wolembedwa Transfer Gear Oil LF 75W. Pajero imafuna GL-4, osati GL-5. Transfer ya Navara D40 imafuna ATF, oyilo wofiira uja wa giyabokosi ya otomatiki, ndipo kuthiramo 80W-90 n'kuilemetsa ndi oyilo amene sangayende bwino m'tinjira take. BMW za xDrive zili ndi makilatchi m'kati mwa transfer ndipo zimafuna oyilo wakewake wotchedwa DTF 1, amene kale ankadziwika ndi dzina la TF 0870. Mukathiramo wina galimoto imayamba kugwedezeka ponyamuka ndi pokhota. Pa BMW, oyilo akasinthidwa pamafunikanso kulumikiza kompyuta kuti galimoto idziwe kuti mwalowa watsopano.

Mwaona kuti palibe botolo limodzi lokwanira onse. Lembani nambala ya chassis papepala, pezani zimene wopanga galimoto analemba, ndipo pitani kushopu mukudziwa kale chimene mukukagula. Buku la galimoto likakhala la Chijapani musalitaye. Cha kumapeto kwake kuli tebulo la ma oyilo, ndipo mayina monga GL-5 ndi 80W-90 amalembedwa m'zilembo zathu zomwezi.

Kodi GL-4, GL-5 ndi manambala aja a W amatanthauzanji?

GL ndi muyezo wa bungwe la ku America la API, wosonyeza kuchuluka kwa mankhwala oteteza mano a magiya pamene akukanikizana kwambiri. Mankhwalawa amapangidwa ndi sulufule ndi fosiforasi, ndipo ndi amene amachititsa giya oyilo kukhala ndi fungo lamphamvu lija losachoka msanga m'zovala. GL-5 ali ndi mankhwala ambiri kuposa GL-4. Magiya a mu difu ndi a mu transfer zing'onozing'ono mano ake amakhuzana motsetsereka, choncho amafuna GL-5. Koma m'bokosi limene muli mphete za mkuwa zothandiza kulowetsa giya, mankhwala ochulukawo amatha kudya mkuwawo pang'onopang'ono ndiponso kulimbitsa giya polowa. N'chifukwa chake GL-5 sitimutenga ngati mkulu wake wa GL-4 woti n'kulowa paliponse. Ntchito zawo n'zosiyana.

Manambala amanena za kulemera kwa oyilo. Ya kumanzere kwa W ndi ya mmene amayendera kukazizira, ya kumanja ndi ya mmene amakhalira akatentha. Muyezo wa giya oyilo ndi wosiyana ndi wa oyilo wa injini: giya oyilo wa 90 kulemera kwake kumayandikana ndi oyilo wa injini wa 40 kapena 50. Koma zimenezi zisapatse munthu maganizo othira 20W-50 wa injini mu transfer yofuna GL-5, chifukwa alibe mankhwala oteteza aja.

Kuno kumatentha. Si bwino kuthira wolemera ngati 85W-140?

Ayi, pokhapokha buku litatero. Kutentha kumene oyilo amakumana nako m'kati mwa transfer kumachokera ku magiya ndi ku ekizozi, ndipo kumaposa kutali dzuwa la Okutobala ngakhale mutatsikira ku Liwonde. Wopanga galimoto anaziwerengera kale zimenezo polemba 80W-90. Oyilo wolemera mopitirira amachedwa kufika m'mabeyaring'i m'mawa kukazizira, ndipo mu Juni ndi Julayi pa Zomba pano kumazizira ndithu. M'kabokosi kakang'ono amawonjezeranso kutentha chifukwa magiya amavutika kumupalasa.

Ambiri amathira 140 pofuna kubisa phokoso kapena kuchepetsa kudontha. Phokoso limatsikadi pang'ono, koma beyaring'i yakutha imakhala ikuthabe.

Kusintha kumene ndimavomereza ndi kumodzi: pamene palembedwa GL-5 80W-90, mukhoza kuthira GL-5 75W-90 wa synthetic. Amapirira kutentha bwino, ndipo popeza mukugula lita imodzi yokha, kusiyana kwa mtengo sikupweteka kwenikweni.

Ndili ndi Forester, ndipo amakaniko akuti transfer sakuiona. Akunama?

Sakunama. Subaru anaika zogawira mphamvu m'kati mwa giyabokosi momwemo, cha kumchira kwake. Pa Forester ya otomatiki makilatchi ogawira mphamvu amasamba mu ATF wa giyabokosi, ndipo pa ya CVT, womwe ndi mtundu wina wa giyabokosi ya otomatiki, zonse zimadalira oyilo wa CVT. Chimene chili ndi oyilo wakewake ndi difu ya kutsogolo ndi difu ya kumbuyo, zonse GL-5 75W-90. Pa ya manyuwo, giyabokosi ndi difu ya kutsogolo zimagawana oyilo mmodzi yemweyo.

Apa pali msampha woti muwachenjeze amakaniko anu mwaulemu. Pa Subaru mapulagi otayira oyilo wa injini, wa difu ya kutsogolo ndi wa giyabokosi ali moyandikana, ndipo munthu wosazolowera amatha kukhuthula giyabokosi n'kuthira oyilo watsopano mu difu imene ndi yodzaza kale. Galimoto imachoka pagalaja giyabokosi ili youma. Yang'anani chimene chikutuluka: ATF ndi wopepuka, ndipo alibe fungo la sulufule lija.

CR-V yanga imabuula ndikamakhota pang'onopang'ono, makamaka poimika. Ndi transfer?

Kawirikawiri ayi. Pa CR-V zakale za Real Time 4WD, makilatchi olowetsa matayala a kumbuyo ali mu difu ya kumbuyo, ndipo amayendera timapampu tiwiri ta oyilo. Oyilo wake ndi wa Honda wotchedwa DPSF. Akakalamba, galimoto imabuula ndi kunjenjemera mukapinda chiwongolero mpaka kumapeto. Kusintha oyiloyo nthawi zambiri kumathetsa vutoli, ndipo nthawi zina pamafunika kusintha kawiri motsatizana, mutayendako pang'ono pakati pake. Chimene chimandiwawa ndi kuona CR-V itathiridwa 80W-90 mu difu imeneyi chifukwa wina anaona difu n'kuganiza kuti zonse n'zofanana. Oyilo ameneyo timapampu tija sitimukoka bwino, ndipo makilatchi amawonongeka.

Eni a VW Tiguan amve nawo pomwepa: kumbuyo kuli chipangizo cha Haldex chokhala ndi oyilo wakewake, wosiyana ndi wa difu ngakhale zili malo amodzi, ndipo amayenera kusinthidwa zaka 3 zilizonse.

Ndisinthe pakapita nthawi yaitali bwanji? Wogulitsa anandiuza kuti oyiloyu sasinthidwa.

Mabuku ena amangonena kuti oyilo aziyang'anidwa, osatchula nthawi yomusintha. Koma mabuku omwewo amakhala ndi ndandanda ina ya galimoto zogwira ntchito yolemetsa: zoyenda m'fumbi, m'matope, m'mapiri, kapena zokoka ngolo. Tawerengani ndandanda imeneyo mukuganizira za kwathu kuno. Msewu wokwera ku Ku Chawe ndi chitunda chokhotakhota kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo ambiri amaukwera pa giya yotsika atadzaza banja lonse. Mukapitirira kulowera ku Chingwe's Hole kapena ku Queen's View tala amatha. Wotsikira ku Chingale kapena wolowera ku Kachulu amadziwa fumbi la chilimwe ndi matope a dzinja. Galimoto ya pa Zomba imene sichoka pa tala n'njosowa.

Langizo langa ndi makilomita 40,000 kapena zaka 2, chimene chayamba kukwana. Amene amayenda tauni ndi M3 yokha, Zomba kupita ku Blantyre n'kubwerera, akhoza kufikitsa 60,000.

Kusintha koyamba ndiye kusadikire makilomita. Galimoto ikangofika kuchokera ku Japan, sinthani. Kawirikawiri sifika ndi mbiri ya sevisi, oyilo amene ali m'menemo angakhale wa ku fakitale wa zaka 10 kapena kuposa, ndipo ngati inadzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe yayenda kale makilomita oposa 1,500 isanaone Zomba.

Ine ndimayenda pa 2WD nthawi zonse. Transfer si ikupuma?

Pa X-Trail ayi. Kabatani kaja ka 2WD, AUTO ndi LOCK kamalamulira kilatchi imene ili kutsogolo kwa difu ya kumbuyo. Magiya a mu transfer ndi propshaft amazungulirabe nthawi zonse galimoto ikamayenda. RAV4 ndi CX-5 zimagwira ntchito mofananamo. Oyilo amakalamba ngakhale simunapondeko matope.

Ndawoloka madzi ofika pakati pa matayala. Pali chodetsa nkhawa?

Chilipo. Transfer ndi difu zili ndi kabowo kopumira pamwamba pake, kotulutsira mpweya zikatentha. Bokosi lotentha likamira m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati umanyala mwadzidzidzi ndipo limakoka madzi kudzera pa kabowoko kapena m'masilo. Mu kabokosi kosakwana theka la lita, madzi ochepa chabe ndi okwanira kuwononga oyilo yense. Mazda analemba poyera mu ndandanda ya sevisi ya CX-5 kuti transfer kapena difu ikamira m'madzi oyilo asinthidwe, ndipo lamulo limeneli ndi labwino pa galimoto iliyonse.

Madzi sapha bokosi tsiku lomwelo. Amakhala pansi, dzimbiri n'kuyamba kudya mabeyaring'i galimoto ili chiimire, ndipo phokoso limadzamveka patapita miyezi, mwini wake ataiwala kale za tsiku lija. Ngati galimoto yanu inadutsa m'madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndipo mapulagi ake sanatsegulidwepo chiyambire, atsegulitseni sabata ino. Chaka chilichonse mvula ikatha, cha mu Epulo, ndi nthawi yabwino yosuzumiramo.

Zizindikiro zoti zinthu sizili bwino ndi ziti?

Kulira kopyapyala kokwera ndi liwiro la galimoto, osati ndi injini, kochokera cha pansi pa mapazi a woyendetsa ndi wokhala naye kutsogolo. Fungo la giya oyilo wopserera mukaima mutakwera chitunda, limene limabwera oyilo akamadonthera pa ekizozi. Kunyowa kwakuda kogwira fumbi kuzungulira bokosi. Kugunda polowetsa giya kapena pochotsa phazi pa moto. Choipa chake n'chakuti phokoso likamveka, chitsulo chimakhala chitadyeka kale. Pa dashibodi palibe nyali yochenjeza kuti oyilo wa mu transfer watha.

Kodi ndingasinthe ndekha pakhomo?

Mungathe, ngati muli ndi malo athyathyathya ndi zida zoyenera. Malo athyathyathya ndawatchula dala. Tauni yathu inamangidwa m'tsinde mwa phiri ndipo mabwalo ambiri ndi otsetsereka. Muyezo wa oyilo mu transfer ndi mlomo wa bowo lothirira, ndiye galimoto ikapendekeka mumathira wochepa kapena wochuluka osadziwa. Kukweza kutsogolo kokha ndi jeke kumabweretsa vuto lomwelo. Ngati mulibe masitandi anayi olimba, pitani pagalaja pamene pali dzenje. Musalowe kunsi kwa galimoto imene yatsamira pa jeke yekha, kapena pa njerwa.

Yendetsani galimoto mphindi 10 kuti oyilo afunde, kenako dikirani ekizozi izizire, chifukwa dzanja lanu lidzadutsa pambali pake penipeni. Chotsani chotchinga cha kunsi ngati chilipo. Pukutani matope kuzungulira mapulagi awiri, ya pamwamba yothirira ndi ya pansi yotayira.

Yambani ndi ya pamwamba. Lamulo limeneli musaliphwanye. Mukayamba ndi ya pansi, oyilo n'kutayika, kenako ya pamwamba n'kukana kumasuka, galimoto yagona pomwepo. Ndipo zimakanadi. Galimoto zambiri za 4WD zinkayenda kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, kumene m'misewu amathiramo mchere nthawi ya chipale, ndipo zimafika kuno mapulagi atagwira dzimbiri. Pa RAV4 pulagi imafuna aleni kiyi ya mamilimita 10. Kolokosani dothi lonse m'dzenje la pulagi ndi kawaya, lowetsani kiyi mpaka pansi, igogodeni pang'ono ndi hamala kuti ikhale bwino, kenako kokani mosadukiza. Kiyi ikalowa theka imabulungiza mutu wa pulagi, ndipo ntchito ya mphindi 30 imasanduka ya tsiku lonse.

Pulagi ya pamwamba ikatseguka, pisani chala. Oyilo ayenera kukhala pa mlomo pomwepo kapena pansi pang'ono. Chala chikatuluka chouma, dziwani kuti pali pamene pakudontha. Kenako tsegulani ya pansi, mukhuthulire m'chiwiya choyera kuti muone zimene zatuluka ndi kuchuluka kwake.

Pukutani pulagi, ikani washala watsopano, bwezerani. Thirani ndi kapampu ka pamanja kapena sirinji yaikulu yokhala ndi kapayipi, chifukwa botolo silingafike pamenepo. Thirani pang'onopang'ono mpaka oyilo atayamba kubwerera pa bowo, dikirani asiye kutsika, tsekani. Mabokosi amenewa ndi a aluminiyamu, mazinga ake sachedwa kutha. Mapulagi ambiri amamangidwa pakati pa 35 ndi 50 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira), ndipo kuwonjezera payipi pa sipanala pomanga n'kuitana mavuto. Mukayenda tsiku limodzi suzumiraninso ngati pauma. Poti mwalowa kale kunsi, sinthani ndi wa difu ya kumbuyo. Pa RAV4 ndi X-Trail oyilo wake ndi yemweyo, ndipo lita imodzi imangokwanira movutikira zonse ziwiri, choncho gulani awiri kuti musapereweredwe pakati pa ntchito.

Oyilo wotulukayo akundiuza chiyani?

Muyang'aneni padzuwa. Wofiirira koma woonekera, ali bwino. Wakuda bii, wonunkha kupserera, wapsa ndi kutentha ndipo mwachedwa naye, koma bokosi likhoza kukhala lamoyo. Wotuwa mbuu kapena wa thovu, mwalowa madzi: thirani watsopano, yendani masiku angapo, sinthaninso. Wonyezimira ndi tizitsulo tosaoneka bwino, mabeyaring'i ayamba kutha.

Pulagi ya pansi nthawi zambiri ili ndi maginito kunsonga. Phala lakuda losalala lomatirira pamenepo ndi la masiku onse. Litikiteni pakati pa zala. Mukamva tizidutswa tobaya kapena mukaona tizibanthu, mano a giya kapena beyaring'i zikusweka, ndipo oyilo watsopano sangabwezeretse zimenezo.

Ngati amakaniko ndi amene akukusinthirani, apempheni akuonetseni oyilo wakaleyo ndi pulagi yake. Mmisiri wabwino sakhumudwa nazo.

Ndingangowonjezera pamwamba, kapena kusakaniza a makampani awiri?

Pa ulendo, oyilo wa muyezo womwewo wa kampani ina ndi wabwino kuposa bokosi louma. Koma poti yense ndi wochepa, palibe chifukwa chowonjezera watsopano pa wakale. Khuthulani. ATF ndi giya oyilo musazisakanize.

Oyilo wopimidwa m'mabotolo a madzi ndi wotsika mtengo. Vuto lake n'chiyani?

Simudziwa chimene chili m'botolomo. Akhoza kukhala GL-4, akhoza kukhala GL-1 wopanda mankhwala oteteza, akhoza kukhala wakale wosefedwa. Ndikumvetsa kuti ndalama ikuvuta, ndipo kwacha imene timagulira zinthu zochokera kunja yafooka. Koma apa mukugula lita imodzi pa zaka ziwiri. Gulani botolo lomata, lolembedwa API GL ndi manambala ake, pafiling'i kapena mushopu yodziwika. Wapadera monga DPSF, LF 75W kapena DTF 1 akasowa m'tauni muno, muitanitseni ku Blantyre n'kudikira. Kuyenda sabata ina ndi oyilo wakale woyenera kuli bwino kusiyana ndi kuthira watsopano wolakwika.

Pansi sipakudontha koma oyilo akuchepa. Akupita kuti?

Pali njira ziwiri. Oyilo wochepa wodontha pa ekizozi amapsa asanafike pansi, ndipo mumangomva fungo. Njira ina ndi masilo a pakati pa transfer ndi giyabokosi. Akatha, ma oyilo awiriwa amatha kudutsana. Mukatsegula pulagi ya pamwamba oyilo n'kukhuthuka wambiri, wopepuka, wofiirira kapena wobiriwira, ndiye kuti wa giyabokosi walowa mu transfer. Pamenepo nkhani yakula, makamaka pa CVT, ndipo masilo asinthidwe msanga. Onaninso kabowo kopumira kaja. Kakatsekeka ndi matope, mpweya wotentha umakankha oyilo kudzera m'masilo abwinobwino.

Matayala akukhudzana bwanji ndi nkhaniyi?

Kwambiri. Galimoto ya AWD imayembekezera kuti matayala onse anayi azizungulira mofanana. Mukaika awiri atsopano kutsogolo, kumbuyo n'kusiya akutha, kapena mukasakaniza masaizi monga zimachitikira pogula matayala a kaunjika limodzilimodzi, makilatchi ndi magiya amakhala akulimbana ulendo wonse ngakhale pa msewu wowongoka. Kulimbanako kumasanduka kutentha, ndipo kutentha kumapsereza oyilo. Subaru amalola kusiyana kwa mamilimita 6 okha pa kuzungulira kwa tayala lonse. Zungulizani chingwe pa tayala lililonse, muyerekeze. Kasipeya kakang'ono kaja ndi kongokufikitsani pokonzetsa tayala.

Pokoka galimoto yowonongeka, musalole kuti matayala awiri anyamulidwe ena awiri akugubuduka pansi. Ikwezedwe yonse pa lole.

Oyilo wakale ndimutaye kuti?

Osati mu ngalande. Madzi a m'tauni muno amatsikira mu Likangala, ndipo Likangala amakathira mu nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Chimene chalowamo chimakhala momwemo, pamodzi ndi matemba amene timagula pamsika. Muthireni m'botolo lotseka, mukasiye pagalaja pamene amasonkhanitsa oyilo wakutha.

Ndasintha oyilo koma phokoso likadalipo. Ndigule transfer ina?

Musathamange. Zinthu zinayi zimalira mofanana: beyaring'i ya tayala, matayala odyeka mosalingana, beyaring'i ya pakati pa propshaft, ndi transfer kapena difu. Phokoso la beyaring'i ya tayala limasintha mukapinda chiwongolero kumanja kapena kumanzere muli pa liwiro. La matayala limasintha mukachoka pa tala wosalala kupita pa wokhakhala, ndipo limasamuka mukasinthanitsa matayala. La magiya a mu transfer kapena difu limasintha ndi phazi lanu: limakwera mukaponda moto, n'kutsika kapena kusintha mawu mukachotsa phazi. Amakaniko akhoza kutsimikiza poikweza galimoto matayala onse anayi n'kumvetsera bokosi lililonse ndi sikuludilaiva yaitali.

Zikatsimikizika kuti ndi transfer, yogula kwa ophwasula galimoto igwirizane ndi nambala ya chassis yanu komanso mtundu wa giyabokosi, chifukwa magiya ake ayenera kufanana muyezo ndi a difu ya kumbuyo. Izungulizeni ndi dzanja musanalipire, tsegulani pulagi muone maginito, ndipo ikani masilo atsopano isanakwezedwe, poti ikamangidwa simungawafikirenso mosavuta.

Ena amachotsa propshaft kuti galimoto iziyenda ndi kutsogolo kokha podikira ndalama. Zimenezi zimapeputsa katundu pa magiya, koma pa X-Trail, RAV4 ndi zinzake transfer imazungulirabe chifukwa ndi yolumikizidwa ku giyabokosi. Beyaring'i yakutha ipitiriza kutha, ndipo ikagwira ikhoza kung'amba bokosi n'kuwononga giyabokosi yomwe. Ngati mwasankha kuyenda choncho, oyilo akhalemo wodzaza, maulendo akhale afupiafupi, ndipo chitunda cha Ku Chawe chiyambe chadikira mpaka transfer itakonzedwa.